Seva yodikila munthu kuti aidzutse ndi msampha

Kuno kwathu mayeso enieni a seva amabwela malaiti akapita ndi kubwelanso. Pa 29 February 2024 boma linalengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. Madzi ku Kariba anacepa, ndipo pofika kumapeto kwa cakaco makomboni ndi maofesi ambili anali kuona malaiti kwa maola ocepa cabe pa tsiku. Batili la UPS limatha, mafuta a jenseti nawonso amatha. Seva imene anzathu a ku Frankfurt amaizimitsa mwa kamodzikamodzi, atakonzekela bwino, kuno imazima yokha usiku popanda woiona.

Ndiye mlandu wanga ndi inu anzanga a IT ndi uwu: ngati pulogilamu siyamba yokha seva ikayaka, ndiye kuti simunatsilize kuiika. Ngati malaiti akabwela pafunika kuti inu mulowe ndi kulemba malamulo atatu amene mumawadziwa nokha, nchito yanu ikali pakati, olo kuti munalandila kale malipilo. Ndipo ngati munaibisa mu rc.local pambuyo pa sleep 60, kapena mu crontab ndi @reboot, kapena munaisiya mu tmux n'kupita kunyumba, mwachela msampha umene udzakola munthu wina tsiku limene inu simudzakhalapo.

Tiyambe ndi zimene zimacitika seva ya Linux ikayaka. Kernel ikamaliza zake imayambitsa pulogilamu imodzi, imene imapatsidwa nambala 1, ndipo iyo ndiyo imadzutsa zina zonse: madisiki, netiweki, database, seva ya mawebusaiti. Kwa zaka zambili nchitoyi inali kucitika motengela System V, mtundu wa Unix umene kampani ya AT&T inatulutsa mu 1983. Pulogilamu iliyonse inali ndi script yake mu /etc/init.d, ndipo m'mafoda monga /etc/rc3.d munali maina oyamba ndi S ndi nambala. S20 inali kuyamba S80 isanayambe, imodzi ikatha ina n'kutsatila, ngati anthu pa mzele wa cigayo.

Njila imeneyi inali yosavuta kuimvetsa, ndipo palibe angaitsutse pa zimenezo. Koma inali ndi cilema cacikulu. Script ikayambitsa pulogilamu, nchito yake inali kuthela pomwepo. Pulogilamuyo ikagwa pakapita mphindi zisanu, panalibe woidzutsa. Kuti script idziwe ngati pulogilamu ikali moyo, inali kudalila kafayilo kolembedwamo nambala yake. Kafayiloko kakasungidwa mu foda ya pulogilamu yeniyeniyo, malaiti n'kupita mwadzidzidzi, kamatsala pomwepo. Seva ikayakanso script imaona kafayiloko, imaganiza kuti zonse zili bwino, n'kukana kuyambitsa cinthu cimene cinafa kale. Amene analembako ma script otele amadziwa kuti mizele yambili inali ya kuthamangitsana ndi tumafayilo tumeneti, yocepa cabe ndiyo inali ya nchito yeniyeni.

Mu April 2010 Lennart Poettering, amene panthawiyo anali kugwila nchito ku Red Hat, analengeza systemd, imene anaipanga pamodzi ndi Kay Sievers. Fedora 15 inaitenga mu 2011, Red Hat Enterprise Linux 7 mu 2014. Ku Debian kunabuka mkangano woopsa, moti mu February 2014 komiti yao ya zaluso inagawikana pakati, ndipo wapampando Bdale Garbee ndiye anathetsa nkhani ndi voti yake. Ubuntu, imene inali ndi Upstart yakeyake kuyambila 2006, inagonja n'kusamuka mu 2015, caka cimene Debian 8 inatulukanso ili ndi systemd. Amene sanakondwe anapatuka n'kuyamba Devuan. Papita zaka zoposa khumi. Seva iliyonse ya Ubuntu, Debian, Rocky Linux kapena AlmaLinux imene mungaike lelo ili ndi systemd pa nambala 1, mukonde musakonde.

Nanga n'cifukwa ciani m'maofesi athu tikali kupeza rc.local yodzaza ngati basi ya pa Khisimasi? Amene amaikonda amati imayamba pothela, zonse zitadzuka kale. Zinali conco kale. Tsegulani fayilo imeneyo pa CentOS 7 muwelenge mau amene Red Hat inalemba pamwamba pake. Amakuuzani kuti anaisiyapo cabe pothandiza zinthu zakale, kuti sidzayambanso pambuyo pa masevisi onse cifukwa tsopano amadzuka pamodzi, ndiponso kuti ndi bwino kulemba sevisi yanuyanu. Anaisiya ilibe ngakhale cilolezo coyendetsedwa, kuti munthu aganize kawili asanaigwilitse nchito. Pa Debian ndi Ubuntu zakale mzele wake woyamba unali kuuza shell kuti iime lamulo limodzi likalephela, ndiye kuti lamulo laciwili likakanika, lacitatu mpaka lomaliza siliyamba n'komwe, ndipo palibe amakuuzani. Zonse za mu rc.local zimayendanso ndi mphamvu za root. Kapulogilamu kolandila mafomu a pa intaneti kamakhala ndi makiyi a nyumba yonse.

Sleep 60 ndiyo imandikwiyitsa koposa. Tanthauzo lake n'lakuti: sindidziwa nthawi imene database imadzuka, ndiye ndingoyembekezela mphindi imodzi n'kukhulupilila mwayi. Tsiku labwino database imadzuka m'masekondi 10 ndipo mwataya 50. Tsiku loipa, limene malaiti anapita database ili pakati polemba, iyo iyenela kuyamba yakonza zimene zinatsala panjila, ndipo ingatenge mphindi zingapo. Pulogilamu yanu idzuka pa sekondi ya 60, ipeza citseko cotseka, igwa, basi. Sleep 60 imagwila nchito masiku onse kupatulapo tsiku limene munaiikila.

Za @reboot n'cimodzimodzi. Cron imayendetsa lamulo lanu iyo ikangodzuka, siyang'ana ngati disiki ya data yamangidwa kapena ngati netiweki yapeza adilesi. Malo amene imafufuzamo mapulogilamu amakhala ocepa kuposa a mu terminal yanu, n'cifukwa cake lamulo limene limayenda bwino mukalilemba ndi manja limakana mu cron. Pulogilamu ikagwa masana, cron ilibe nazo nchito. Nohup, screen ndi tmux zimateteza pulogilamu kuti isafe mukatseka laputopu yanu, koma seva ikazima zimafa nayo pamodzi.

Colowa m'malo mwa zonsezi ndi fayilo imodzi ya mizele pafupifupi khumi, yoikidwa mu /etc/systemd/system, dzina lake lothela ndi .service. Mzele wa ExecStart= umachula pulogilamu ndi njila yake yonse. User= umachula akaunti yopanda mphamvu za root. Wants=mariadb.service ndi After=mariadb.service amanena kuti database idzutsidwe, ndipo yanuyo iyembekezele. MariaDB imauza systemd ikakonzeka kulandila alendo, ndiye kulibenso kulotela masekondi. RequiresMountsFor= amaonetsetsa kuti disiki imene muli data yamangidwa. Restart=on-failure amadzutsa pulogilamu ikagwa. WantedBy=multi-user.target amaiika pa gulu la zinthu zoyamba seva ikayaka. Mukatha mulemba systemctl daemon-reload, kenako systemctl enable --now ndi dzina la sevisi.

Phindu lake lalikulu lili pa munthu wina amene sanakuonenipo. Iye akalemba systemctl status aona ngati sevisi ili moyo, inayamba nthawi yanji, ndi mau ake othela isanagwe. Akalemba systemctl --failed aona zonse zimene zakanika kudzuka. Akalemba journalctl -u ndi dzina la sevisi awelenga mbili yake. Malamulowa ndi amodzimodzi ku Chipata, ku Kitwe ndi ku Johannesburg. Wophunzila amene wangomaliza kosi angawapeze m'buku lililonse, pamene script yanu ya start_all_final2.sh ili m'buku limodzi cabe, mutu wanu.

Sindikugulitsani mankhwala a matenda onse. Walila mvula walila matope, ndipo systemd ili ndi matope ake amene amagwetsa anthu ambili. Loyamba ndi kusokoneza start ndi enable. Start imayambitsa sevisi lelo, enable ndiyo imaiika kuti izidzuka seva ikayaka. Ambili amalemba start, amaona zobiliwila, amapita, vuto n'kudzaonekela malaiti akapita. Laciwili ndi kuganiza kuti After= amadzutsa cinthu cimene mwachula. Iye amangokonza mzele, wodzutsa ndi Wants= kapena Requires=, ndiye pafunika onse awili. Lacitatu ndi network.target, imene sitanthauza kuti seva yapeza adilesi. Ngati pulogilamu yanu ifuna netiweki yokonzeka, lembani network-online.target pa Wants= ndi pa After= pomwe. Izi n'zofunika kwambili kuno, pakuti malaiti akabwela seva ndi rauta zimayakila pamodzi, ndipo nthawi zina seva imafika msanga rauta ikali kuyasamula.

Palinso msampha wa Restart=. Mukapanda kusintha kalikonse, systemd imayembekezela gawo limodzi mwa magawo khumi a sekondi isanadzutsenso sevisi, ndipo sevisi ikayamba maulendo oposa 5 m'masekondi 10 imaisiya. Pulogilamu imene imagwa msanga cifukwa cosapeza kompyuta ina imatha mwayi wake wonse m'kanthawi kocepa, n'kukhala cigonele mpaka munthu abwele. Mzele umodzi wa RestartSec=5 umathetsa zimenezi. Onaninso /etc/fstab. Mukalembamo disiki ya USB yosungilapo makope popanda liu la nofail, tsiku limene munthu adzaizula, seva idzaiyembekezela masekondi 90 kenako n'kuima pa emergency mode, kudikila munthu wa kiyibodi. Ndipo musasinthe mafayilo a mu /usr/lib/systemd/system, cifukwa update ikabwela idzafafaniza zanuzo. Gwilitsilani nchito systemctl edit. Matope onsewa analembedwa m'mabuku ndipo aliyense angawaphunzile. A mu script yanu yobisika amadziwika tsiku logwelamo.

Tsopano kwa amene amadana ndi systemd pa mfundo, osati pa ulesi. Amati mwambo wa Unix ndi wakuti cida ciliconse cicite nchito imodzi, koma systemd yameza malogi, mawochi, maina a pa netiweki ndi zina zambili. Amati malogi ake sawelengeka ndi zida wamba. Ndipo ali ndi umboni wolemela wa mu March 2024, pamene Andres Freund anaona kuti kulowa pa SSH kukucedwa ndi theka la sekondi, atafufuza n'kupeza khomo lacinsinsi limene munthu wina anabisa mu xz 5.6.0 ndi 5.6.1. Khomolo linafika ku sshd kudzela mu libsystemd, cifukwa Debian, Fedora ndi ena anali atalumikiza ziwilizi, ndipo libsystemd inali kukoka laibulale ya xz. Imeneyi ndi mfundo yoona. Cinthu cikakhala ndi mizu yambili, njila zoloweramo mbala zimaculukanso.

Koma tiyeni tione mmene nkhaniyo inathela. Khomolo linagwidwa lisanalowe m'ma Debian, Ubuntu ndi Red Hat okhazikika amene timaika pa maseva. A systemd anasintha kuti malaibulale otele azikokedwa pokhapo afunika, ndipo pambuyo pake a OpenSSH analemba njila yaoyao youzila systemd kuti sshd yakonzeka popanda libsystemd. Cilema cinaoneka poyela ndipo cinakonzedwa poyela. Ndani adzaona cilema ca mu rc.local ya pa seva ya kiliniki ya kumudzi, yoyendetsa zonse ndi root, pasiwedi ya database italembedwa poonekela mu script? Za malogi, mukafuna mafayilo wamba ikani rsyslog pambali, ziwilizi zimakhalila pamodzi bwinobwino. Cofunika kuno n'kuonetsetsa kuti foda ya /var/log/journal ilipo, kuti journalctl -b -1 ikuonetseni zimene zinacitika seva isanazime.

Ngati mtima wanu ukanabe systemd, njila zilipo ndipo n'zaulemu. Devuan ilipo, Alpine imagwilitsa nchito OpenRC, Void ili ndi runit, FreeBSD ili ndi rc.d yake imene script iliyonse imachula zimene ifuna zisanayambe. Ngakhale a Debian, pa voti yao ya mu December 2019, anasankha systemd koma anasiya khomo lotsegula kwa ofuna kuyesa zina. Sankhani imodzi, muiphunzile, mulembe masevisi anu m'njila yake. Cimene ndikana ndi kuika Ubuntu, kusiya systemd ikuyendetsa theka la seva, theka linalo n'kulibisa m'makona, kenako n'kumati ndinu wa mwambo wa Unix. Dziwaninso kuti a systemd analengeza mu 2023 kuti adzacotsa kacipangizo kamene kamamasulila ma script akale a mu /etc/init.d. CentOS 6 inaleka kulandila zigamba mu November 2020, CentOS 7 pa 30 June 2024. Tsiku losamuka lidzafika, ndipo amene sanalembe masevisi ake adzayamba kufukula seva yakale ngati wofuna mbewa, osadziwa una umene uli ndi kanthu.

Anzathu a Windows Server asaseke. Matenda ao ndi amodzimodzi: pulogilamu yoikidwa mu foda ya Startup imayamba pokhapo munthu walowa ndi pasiwedi, ndiye ena amaika seva kuti izilowa yokha pa akaunti ya Administrator, n'kuisiya yotsegula kwa aliyense wodutsa. Pamene mu services.msc muli kale njila yoyambitsila sevisi yokha, yoicedwetsa pang'ono kuti zina zidzuke, ndi tsamba la Recovery loidzutsa ikagwa.

Pali cifukwa cina cimene sitikonda kuchula. Seva imene imadzuka ndi munthu mmodzi cabe imapatsa munthuyo ulemu. Foni imalila, abwana amacondelela, iye amafika ndi laputopu, mphindi zisanu zonse zayenda, anthu n'kumuombela m'manja. Ena amaganiza kuti umu ndi mmene nchito imatetezekela. Koma munthu amadwala. Amapita ku malilo ku Lundazi kapena ku Chama, kumudzi kumene netiweki imapezeka pa culu. Amapeza nchito ina ku Lusaka. Tsiku limenelo odwala ali pa mzele ndipo kompyuta ya ku famasi sitsegula, kapena ndi pa 28 ndipo malipilo a anchito sanatumizidwe ku banki, kapena makolo abwela kudzatenga zotsatila za ana ao. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene wadzipanga mzati yekhayo wa nyumba sapita pa chuti, sazimitsa foni usiku, ndipo denga likagwa dzina lochulidwa ndi lake.

Mabwana nawonso ali ndi gawo lao pa mlanduwu. Amaitana munthu wa kontilakiti, amaona pulogilamu ikuyenda pa sikilini, amasaina, amalipila. Kulemba sevisi bwino ndi kuiyesa kumafuna ola limodzi kapena awili, ndi cilolezo cozimitsa seva kwa kanthawi. Bwana amene amakana ola limenelo cifukwa anthu ali pa nchito adzalipila ndi tsiku lathunthu, pa nthawi imene sanasankhe. Simufunika kudziwa Linux kuti mufunse funso loyenela. Musanasaine, uzani wa IT kuti azimitse seva inu mukuona, aiyatsenso, kenako aike manja m'matumba. Pitani pa kompyuta ya kalaliki muyese kulowa. Ngati apempha kuti alembeko kalamulo kamodzi cabe, nchito sinathe.

Inu a IT, yesani zimenezi nokha mwezi uno, masana a tsiku limene mwasankha, makope a data ali pambali. Yambani ndi kuona mu BIOS ngati makina aikidwa kuti aziyaka okha magetsi akabwela, cifukwa sevisi yolembedwa bwino ilibe phindu m'bokosi lodikila cala. Tsegulani rc.local, crontab ya root ndi ya akaunti iliyonse, mulembe papepala zonse zimene zimayambila mmenemo. Ciliconse cipatseni fayilo yake ya .service ndi akaunti yake. Lembani reboot. Seva ikabwela onani systemctl --failed, ndipo ngati yacedwa, systemd-analyze critical-chain idzakuonetsani cimene cinali kudikila cinzake. Kenako yesani kaciwili rauta ili yozima, muiyatse pambuyo, muone ngati masevisi adzipeza okha. Akulu anati linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Mpaka seva yanu itadzuka yokha inu muli cikhalile, musauze munthu kuti munaiika.